Kuteteza netiweki ku Mangochi: bokosi lodula, zida zaulere kapena msampha?

Amene munaphunzira zamakompyuta ndipo mukufuna kudya nazo konkuno ku Mangochi, muyambe mwadziwa kaye kasitomala wanu. Si banki ayi. Mabanki ali ndi nthambi zawo pa boma pano, koma zachitetezo chawo zimagamulidwa kulikulu. Wanu ndi mwini loji wa m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, chipatala cha mishoni, ofesi ya bungwe lothandiza anthu, SACCO, sukulu yoima payokha, mwinanso wamalonda a nsomba amene masiku ano amasunga mabuku a ndalama pa laputopu.

Mukalowa m'malo amenewa, zimene mupeze n'zofanana. Intaneti ikubwera ndi rauta ya Airtel kapena TNM, apo ayi mbale ya Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023. WiFi ndi imodzi. Pasiwedi yake inalembedwa pa bolodi pa risepushoni, ndipo mlendo amene anagona pamalopo chaka chatha akadali nayo m'foni. Pa WiFi yomweyo pali kompyuta ya akaunti, makina a pa bala, makamera, ndi mafoni a anyamata amene amakhala kuseri kwa mpanda madzulo. Mwini malo akamafunsa kuti "ndigule chani chogwira mbava za pa intaneti", amakhala akufunsira netiweki yotereyi.

Mbavazo zilipodi. Mu February 2024 Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti nthawi imeneyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba analowa m'makompyuta osindikizira mapasipoti nafuna dipo, ndipo anthu anakhala masabata angapo osalandira mapasipoti. Ina yoyandikira kwa ife ndi imene inavuta mahotela m'mayiko ambiri mu 2023. Pa risepushoni pankafika uthenga wooneka ngati wa mlendo, wokhala ndi fayilo kapena linki. Wantchito akatsegula, akubawo ankatenga pasiwedi ya hotelayo ya pa Booking.com n'kuyamba kulembera alendo enieni kuti alipirenso ndalama. Loji ya ku Chembe imene imalandira alendo kudzera pa intaneti ikhoza kugwa m'mbuna yomweyo.

Musanayang'ane dzina la chida chilichonse, chiyeseni pa zinthu zitatu zimene ogulitsa satchula. Choyamba ndi magetsi. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tikukumbukira mmene magetsi ankathimira. Wonjezerani kutentha kwa kuno mu October ndi November, komanso mphenzi za m'dzinja zimene zimatentha marauta kudzera pa waya. Chachiwiri ndi madola. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali ndi layisensi yolipira m'madola anaona bilu yake itakwera asanagule kanthu katsopano. Chachitatu ndicho chachikulu kwa ine: alamu ikalira 2 koloko usiku, adzuke ndani, ndipo akadzuka achite chani? Chida chimene sichingayankhe funso limeneli n'chokongoletsera ofesi basi.

Rauta yokonzedwa bwino

Njira yotchipa kuposa zonse ndi kugwiritsa ntchito bwino rauta. Ambiri timadziwa MikroTik, ya ku Latvia. Ndi iyo mungagawe netiweki m'zigawo za VLAN, alendo paokha, ofesi payokha, makamera paokha, kenako n'kuuza firewall yake, mlonda wa pachipata amene amalola kapena kuletsa zodutsa pa netiweki, kuti foni ya mlendo isamafike pa kompyuta ya akaunti. Imadya magetsi ochepa kwambiri moti kabatire kakang'ono kamaigwira maola ambiri, ndipo layisensi ya RouterOS, pulogalamu imene imayendetsa rautayo, imabwera ndi chipangizocho, palibe cholipira chaka ndi chaka. Pa loji yaing'ono, kugawa kokhaku kumachotsa mavuto ambiri kuposa chida chilichonse chimene nditchule m'munsimu.

Komatu rauta siikuuzani kuti wina walowa. Imakaniza zimene mwaiuza kuti ikanize, kwatha. Ndipo nayonso imasakidwa. Mu 2018 panapezeka bowo mu Winbox, pulogalamu yoyendetsera MikroTik imene imagwiritsa ntchito doko (port) 8291, lolola munthu wakunja kuwerenga mapasiwedi a rautayo. Marauta zikwizikwi amene sanakonzedwe anagwidwa, ndipo mu 2021 ambiri a iwo anapezeka akugwiritsidwa ntchito ndi gulu la makina ogwidwa lotchedwa Meris kuthira nkhondo mawebusayiti a anthu ena. Choncho ngati mwaika MikroTik, ikani RouterOS yatsopano, tsekani Winbox kwa anthu akunja, ndipo chotsani dzina la admin lobwera nalo. Makamera nawonso chimodzimodzi. Mirai, pulogalamu yoipa imene inagwedeza intaneti mu 2016, inkangoyesa mayina ndi mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60 pa makamera ndi marauta, ndipo zinkatheka. Mpaka lero mukhoza kupeza kamera imene woika anaisiya ndi pasiwedi ya kufakitale.

Bokosi lodula

FortiGate, Sophos ndi Cisco Meraki ndi mabokosi amene amachita zonse pamodzi: firewall, kusefa mawebusayiti, kuzindikira ndi kuimitsa zolowa mwakuba, VPN (njira yobisika yolumikizira makompyuta kudzera pa intaneti). Amagwira ntchito bwino, malamulo ake ozindikirira mbava amabwera okha tsiku ndi tsiku, ndipo zikavuta pali kampani yoti muidandaulire. Bungwe limene ndalama zake zimachokera kunja, ndipo opereka ndalamawo amafuna kuona dzina lodziwika pa lipoti, ligule limeneli osazengereza.

Kwa ena onse, werengani bwino za layisensi. FortiGate layisensi ikatha imapitiriza kugwira ntchito ya firewall, koma malamulo atsopano amasiya kubwera. Meraki ndi yokhwima kuposa apo: layisensi ikatha ndipo masiku 30 achisomo akadutsa, chipangizocho chimasiya kudutsitsa intaneti. Taganizani zimenezi zikuchitika pa loji pamene muli msonkhano wa anthu 80, ndipo banki yakuuzani kuti madola kulibe, mudikire. Mnyamata woyamba bizinesi amakopeka ndi mabokosiwa chifukwa phindu la tsiku logulitsa limaoneka lalikulu, koma chaka chikatha ndi iye amene amayankha mafoni a bwana wokwiya.

Zida zaulere, ndi mtengo wake weniweni

Apa ndi pamene achinyamata ambiri amathamangira, ndipo sindikuwanena. Mutenga kakompyuta kakang'ono kokhala ndi madoko awiri kapena anayi a netiweki, n'kuikapo pfSense kapena OPNsense, mapulogalamu osandutsa kakompyutako kukhala firewall. OPNsense inaphukira ku pfSense mu 2015, ndipo mkati mwake imabwera ndi Suricata, pulogalamu yofufuza zodutsa pa netiweki kuti izindikire mbava. Pa pfSense mumasankha nokha kuika Snort kapena Suricata, zimene ntchito yake ndi imodzi. Snort ndiyo yakale, anailemba Martin Roesch mu 1998, ndipo kuyambira 2013 ili m'manja mwa Cisco. Suricata inatuluka mu 2010 kuchokera ku bungwe la OISF, ndipo kuyambira pachiyambi inkatha kugawa ntchito pa mitima ingapo ya purosesa, chinthu chimene Snort inadzachita bwino itafika pa Snort 3 mu 2021. Pa liwiro la intaneti limene tili nalo kuno, kusiyana kumeneku musataye nako tulo. Sankhani imene mukuidziwa. Malamulo aulere a Emerging Threats, otchedwa ET Open, ndi poyambira pabwino.

Snort ndi Suricata zimagwira ntchito m'njira ziwiri. Mukhoza kuziika pambali, switch, kabokosi kolumikiza mawaya a netiweki, n'kumazitumizira kope la zonse zodutsa, izo n'kumangoona ndi kuliza alamu. Imeneyo ndiyo IDS. Mukhozanso kuziika pakati pa njira kuti zikaona choipa ziziimitsa pomwepo, ndiyo IPS. Yachiwiriyi imamveka bwino pokamba, koma lamulo limodzi lolakwika likhoza kutseka makina olipirira ndi khadi Loweruka madzulo. Yambani ndi kungoona kwa masabata angapo, muphunzire phokoso la netiwekiyo, kenako muziimitsa zokhazo zimene mwatsimikiza.

Phokoso ndilo vuto lalikulu. Mukayatsa malamulo onse pa WiFi ya alendo, tsiku limodzi lokha mupeza maalamu mazanamazana: foni ya wina ili ndi pulogalamu yachilendo, laputopu ya wina ikutsitsa mafilimu, wina VPN yake ikuoneka yokayikitsa. Zili ngati galu amene amauwa usiku wonse, kuuwa mphaka, kuuwa mwezi, kuuwa mnzake wa kutsidya. Pakatha sabata palibe amene amadzukanso, ndipo tsiku limene wakuba wabweradi galuyo amauwa chimodzimodzi, anthu ali mtulo. Ndiye Suricata muiike pa chigawo cha ofesi ndi cha makamera, kumene mukudziwa chimene chiyenera kudutsa. Chigawo cha alendo chitsekereni kwachokha, chichepetsereni liwiro, muchisiye.

Pali china chimene ambiri sanena. Pafupifupi zonse zodutsa pa intaneti masiku ano n'zobisidwa ndi HTTPS. WhatsApp, Gmail, banki, Booking.com, zonsezi Suricata siiona zam'kati mwake. Imaona kuti kompyuta yakuti yalankhula ndi seva yakuti, nthawi yakuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo nthawi zambiri imaonanso dzina la webusayitiyo. Zimenezi si zachabe. Kompyuta ya akaunti ikamalankhula ndi seva yodziwika ndi zaumbava mphindi zisanu zilizonse usiku wonse, chimenecho ndi chizindikiro chokwanira. Koma uthenga wachinyengo wofika pa WhatsApp ya bwana, woti "nambala ya akaunti yathu yasintha, lipirani pa iyi", Suricata siidzauona mpaka kalekale.

Zeek ndi ya mtundu wina. Anaiyamba Vern Paxson m'ma 1990 ikutchedwa Bro, ndipo dzina linasintha mu 2018. Iyo ntchito yake yaikulu ndi kulemba mwadongosolo zonse zimene zachitika pa netiweki, kuti zinthu zikavuta mubwerere m'mbuyo n'kuona kuti zinayamba liti ndipo zinayambira pa kompyuta iti. Ndi chida chabwino kwa wofufuza. Security Onion imasonkhanitsa Suricata, Zeek ndi zina pamalo amodzi, ndipo pophunzirira palibe yoiposa, koma imafuna RAM ya 16 GB kapena kupitirira apo ndi disiki yaikulu, ndipo siikondwa ndi magetsi othimathima. Muiike kunyumba kwanu muziphunzirirapo. Pa loji ya zipinda 12 yoyendera sola, ayi.

Nkhani ya magetsi ndi yofunika kuiwerengera musanalonjeze kanthu. Mbale ya Starlink payokha imadya mawati pakati pa 50 ndi 100. Kakompyuta kopanda fani kamadya mawati 10 kapena 20. Desikitopu yakale imene mwaitola m'sitolo ya ofesi kuti "tisawononge ndalama" ikhoza kudya kangapo kuposa apo, ndipo fani yake imakoka fumbi ndi chinyezi cha kunyanja. Usiku batire likatsika, invata imazima, ndipo chida chanu chachitetezo chimagona nthawi yeniyeni imene chimafunika.

Wazuh imayang'ana mbali ina. Inaphukira ku pulogalamu ina yotchedwa OSSEC mu 2015, ndipo m'malo moyang'ana waya imakhala m'kompyuta iliyonse. Kapulogalamu kakang'ono kamatumiza malipoti ku seva: wina wayesa pasiwedi yolakwika kambirimbiri, akaunti yatsopano yatsegulidwa usiku, fayilo yofunika yasinthidwa, pulogalamu yakuti ndi yakale ndipo ili ndi bowo lodziwika. Popeza ili mkati mwa kompyuta, kubisa kwa HTTPS sikuitchinga kwambiri. Kwa woyamba bizinesi, ubwino wake ndi woti seva imodzi ikhoza kulandira malipoti a makasitomala angapo. Eni ake amati makompyuta osapitirira 25 amafuna seva ya RAM ya 8 GB. Funso ndi loti sevayo ikhale kuti. Kunyumba kwanu imafuna magetsi ndi intaneti zosaduka, pomwe yobwereka pa intaneti ikubwezerani ku nkhani ya madola ija, ngakhale kuti ndi ochepa poyerekeza ndi layisensi ya bokosi. Wazuh ikuonetsaninso chinthu chowawa: makompyuta ambiri m'maofesi athu ali pa Windows 10, imene Microsoft inasiya kuikonza mwachizolowezi pa 14 October 2025, ndipo ena akadali pa Windows 7 imene inasiyidwa mu January 2020.

Msampha

Njira imene ndimaikonda pa malo ang'onoang'ono ndi imene anthu saitchula kawirikawiri. M'malo mofufuza zonse zodutsa, mumatchera chinthu chimene munthu wabwinobwino alibe chifukwa chochikhudzira. Kampani ya ku South Africa yotchedwa Thinkst imapereka kwaulere zotchedwa Canarytokens. Mumapanga fayilo ya Word kapena Excel, n'kuipatsa dzina lokopa monga "Malipiro a antchito" kapena "Mapasiwedi a banki", n'kuiika mu foda ya ofesi kapena mu imelo ya bwana. Wina akaitsegula pa kompyuta yolumikizidwa ku intaneti, inu mumalandira imelo yokuuzani nthawi ndi adiresi ya intaneti imene watsegulira. Palinso OpenCanary, yaulerenso, imene mungaike pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kuti izinamizira kukhala seva ya mafayilo. Palibe wantchito amene amaidziwa, choncho aliyense woyesa kulowamo ndi wofufuzafufuza, kaya wachokera kunja kaya ndi wa m'nyumba momwemo.

Msampha kawirikawiri sulira pachabe. Mukhoza kukhala miyezi osamva kanthu, ndipo tsiku limene walira mumadziwa kuti muyenera kusiya nsima n'kuimba foni. Umadya magetsi ochepa, sufuna layisensi, ndipo alamu yake imafika pa foni yanu ngakhale muli pa kabaza. Pa funso lija loti adzuke ndani, iyi ndiyo njira yokha imene munthu mmodzi angaikwanitse pa makasitomala khumi. Zofooka zake zilipo. Suletsa kanthu, umangokuuzani kuti wina ali kale mkati. Wakuba akapanda kuukhudza, simudziwa. Fayilo ikatsegulidwa pa kompyuta yopanda intaneti, kapena ndi pulogalamu ina imene siitumiza chizindikirocho, alamu siilira. Ndiponso mugwirizane ndi mwini bizinesi musanatchere, chifukwa kawirikawiri wogwidwa amakhala wantchito wachidwi chabe, ndipo nkhani yotero imafuna kuigwira mwaulemu.

Ndiye kwa loji yaing'ono kapena sukulu, ine ndingaike MikroTik yogawidwa bwino, misampha iwiri kapena itatu, ndi chitetezo cha masitepe awiri (pasiwedi kuphatikiza nambala yobwera pa foni) pa imelo, pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa akaunti yolandirira alendo. Chipatala kapena SACCO, kumene kuli zinsinsi za anthu ndi ndalama zawo, ndingawonjezere OPNsense ndi Suricata pa chigawo cha ofesi, ndi Wazuh pa makompyuta ofunika. Bokosi lodula ndi la amene ali ndi bajeti ya madola yotsimikizika kwa zaka zitatu. Onsewa asasiye kusunga makope a mafayilo awo: atatu, pa zinthu ziwiri zosiyana, limodzi likhale kutali ndi malowo. Nyanja itakwera mu 2024 madzi analowa m'malo ogona alendo angapo kuno, ndipo disiki yosungidwa m'kabati ya pansi mu ofesi yomweyo siipulumuka madzi, moto kapena pulogalamu yotseka mafayilo n'kufuna dipo.

Nanga bizinesiyo muigulitse motani?

Njira yoyamba ndi imene aliyense amayambira: kukoka mawaya, kuika WiFi ndi makamera, kulandira ndalama kamodzi n'kumapita. Ndalama yake imabwera msanga ndipo kasitomala amaona ndi maso chimene walipira. Koma opikisana nanu ndi ambiri, ena amatchipitsa mpaka kudzipweteka, ndipo ntchito ikatha mumayambanso kusaka ina. Musainyoze, chifukwa ndiyo khomo lolowera. Palibe mwini loji amene angakupatseni mapasiwedi ake asanaone kuti WiFi imene munaika ikufikadi m'chipinda chomaliza.

Kuyesa kuthyola netiweki ya kasitomala mwachilolezo, kumene ambiri amakulota akamaphunzira zida zoyesera netiweki monga Kali Linux ndi Nmap, msika wake kuno ndi wochepa. Olipira ntchito yotere ndi mabanki ndi makampani akuluakulu, ndipo amafuna masatifiketi monga OSCP ndi dzina la kampani lodziwika. Ngati ndiko mukufuna kupita, phunzirani, koma musayembekezere kuti lendi ichokera kumeneko chaka choyamba. Ndipo pano ndichenjeze mwamphamvu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'kompyuta kapena m'netiweki ya wina popanda chilolezo ndi mlandu wa chindapusa ndi ndende. Kukhala pa bala ya loji, kufufuza netiweki yawo, kenako n'kupita kwa manijala kuti "taonani ndalowa, ndilembeni ntchito", kumeneko si kutsatsa malonda. Chilolezo chikhale cholembedwa, chosainidwa ndi mwini wake, chonena makina amene mukhudze ndi masiku ake.

Kuphunzitsa antchito ndi njira imene achinyamata amaiona ngati yotsika, koma ndi imene imagunda pa bala lenileni. Ndalama zambiri zimene anthu amaberedwa kuno sizidutsa pa firewall. Zimapita ndi uthenga woti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", ndi foni ya munthu wonamizira kuti ndi wa ku kampani ya mafoni akufuna PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi nambala yachinsinsi ya WhatsApp imene munthu amaipereka yekha kwa wonamizira mnzake. Maola awiri ndi antchito a pa risepushoni ndi a ku akaunti, mukuwaonetsa mauthenga enieni oterewa, ndi kukhazikitsa lamulo loti nambala ya akaunti ikasintha aziyamba aimbira foni munthu amene akumudziwa asanalipire, amateteza ndalama zambiri kuposa bokosi. Phunzitsani m'Chichewa, ndipo ngati mumatha Chiyao muli ndi mwayi umene wochokera ku Lilongwe alibe, makamaka cha ku Namwera, Malindi ndi Makanjira.

Imene ingakudyetseni chaka chonse ndi mgwirizano wa mwezi ndi mwezi. Kasitomala amalipira ndalama yokhazikika, inu n'kumayang'anira: kukonza mapulogalamu a rauta, kuyang'ana maalamu, kuyesa ngati makope a mafayilo akutsegukadi, kusintha pasiwedi ya alendo, kutseka akaunti ya wantchito amene wasiya ntchito. Kuvuta kwake n'koti mukagwira bwino ntchito palibe chimachitika, ndipo pakatha miyezi itatu bwana amayamba kufunsa kuti akulipirani chani. Yankho lake ndi lipoti la tsamba limodzi mwezi uliwonse, m'chilankhulo chimene iye akumva: mwezi uno takonza izi, taletsa izi, makope tinawayesa tsiku lakuti, chofunika kugula ndi ichi. Musamutumizire zithunzi za Suricata zodzaza manambala.

Lamulo latsopano likukuthandizani pokambirana. Data Protection Act ya 2024 imaika udindo pa aliyense wosunga zokhudza anthu kuti azisamale, ndipo MACRA ndiyo inapatsidwa ntchito yoyang'anira. Loji imajambula mapasipoti ndi zitupa za alendo. Chipatala chili ndi mbiri za odwala. SACCO ili ndi manambala a zitupa ndi ngongole za mamembala. Eni malo ambiri sanamvepo za lamuloli, ndipo kuwafotokozera modekha, popanda kuwaopseza, kumatsegula makomo. Dziwaninso kuti pansi pa MACRA pali Malawi CERT, kumene nkhani zikuluzikulu za kuthyoledwa kwa makompyuta zimakanenedwa.

Mtunda muuwerengere pa mtengo. Kuchoka pa boma kukafika ku Monkey Bay ndi makilomita oposa 60, Cape Maclear ili patsogolo pake, ndipo msewu wa ku Makanjira nthawi ya mvula mukuudziwa. Mafuta akasowa, ulendo umodzi ukhoza kudya phindu la mwezi wonse. Choncho malo alionse amene mwawatenga, konzani njira yolowera muli kutali. WireGuard, VPN yochitira zimenezi, ilipo mu RouterOS 7 ndi mu OPNsense. Pa Starlink wamba komanso pa intaneti ya mafoni, kasitomala sakhala ndi adiresi yakeyake yofikirika kuchokera kunja, ndiye kulumikizana kuyambire kwa iye kupita ku seva yanu, kapena mugwiritse ntchito Tailscale imene imazemba vutoli. Musatsegule madoko a rauta kapena a makamera kwa dziko lonse pofuna kupeputsa ntchito. Za nyengo nazonso: malo ogona alendo amapeza bwino miyezi yopanda mvula, nthawi ya misonkhano ndi ya zikondwerero, ndipo m'dzinja amalira. Sakanizani makasitomala kuti ena akhale zipatala, masukulu ndi mabungwe amene salipira motsatira alendo. Mtengo ulembeni m'makwacha, koma mgwirizano unene kuti uziunikidwanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chilichonse chogulidwa m'madola alipire kasitomala mwini.

Zamapepala sizichedwetsa: lembetsani bizinesi, tengani nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA chifukwa mabungwe ambiri salipira invoisi yopanda TPIN, ndipo ngati mukufuna ntchito za boma kapena za khonsolo mulembetsenso ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma. Pa maphunziro, MTCNA ya MikroTik ndi CompTIA Security+ zikupindulirani msanga kuno kuposa masatifiketi apamwamba, ndipo amene akufuna digiri, ku MUST ku Thyolo kuli maphunziro a zachitetezo cha makompyuta.

Mumgwirizano musalembemo kuti "simudzaberedwa". Lembani zimene muzichita, maola amene muziyankha foni, nthawi imene mufike pamalo zikavuta, ndi zimene si udindo wanu, monga ndalama zimene wantchito watumiza yekha kwa wachinyengo. Lembaninso za chinsinsi, chifukwa woyang'anira netiweki amaona zambiri: mawebusayiti amene bwana amatsegula, nthawi imene wakuti analowa m'chipinda chakuti pa kamera. Mangochi ndi yaing'ono, ndipo nkhani imodzi yotuluka pakamwa panu ikafika ku Monkey Bay inu musanafike. Mapasiwedi onse a rauta, makamera ndi seva ndi a kasitomala, si chikole choti mumugwire nacho akachedwa kulipira. Alembeni papepala, muwaike mu envelopu yomata, musaine pomatapo, mwini malo aisunge m'sefa. Pasiwedi ikasintha, envelopu isinthidwenso tsiku lomwelo, ndipo deti lilembedwe pamwamba.